Kujambula Piyano: Maikolofoni Yanji, Iikidwe Pati?

Dandaulo la anthu amene ayesapo kujambula piyano limakhala lofanana. M'chipindamo piyano imamveka yodzaza, yokoma, koma pomvetsera zimene zajambulidwa amapeza mawu opyapyala, kapena besi yokhayokha ikungogunda, kapena kugogoda kwa tinyundo togunda nsambo komwe khutu silinakumve n'komwe. Mlandu umagwera maikolofoni, munthu n'kuyamba kusunga ndalama zoti akagule yodula. Kawirikawiri maikolofoniyo imakhala yosalakwa. Chalakwika ndi pamene yaima.

N'chifukwa chiyani piyano imavuta chonchi, pomwe mawu a munthu savuta?

Munthu akamayimba mawu amatulukira pakamwa, ndipo palibe amafunsa koloza maikolofoni. Piyano ilibe pakamwa. Ili ndi makiyi 88 ndi nsambo zoposa 200, koma nsambozo pazokha zili ndi mawu ochepa kwambiri. Chimene chimakuza mawuwo ndi thabwa lalikulu lopyapyala, nthawi zambiri la mtengo wa spruce, limene nsambo zimalinjenjemeretsa. Thabwali limalira lonse, koma mosafanana: mbali ina imatulutsa kwambiri mawu otsika, ina okwera, ndipo zonsezi zimakasakanikirana bwino mumpweya, patali pang'ono ndi chidacho. Piyano ya pakonsati monga Steinway D ndi yotalika masentimita 274. Kukankhira maikolofoni pakona imodzi ya chinthu chachikulu chotere n'chimodzimodzi kuima pakati pa kwaya moyandikana ndi woyimba besi: mumva iyeyo, kwayayo simuimva.

Vuto lachiwiri ndi kutambasuka kwa mawu ake. Kiyi yotsikitsitsa imalira pa 27.5 Hz, yokwereratu pafupifupi 4,186 Hz, ndipo pamwamba pa apo pali timawu tina tosaoneka bwino timene timapatsa piyano kuwala kwake. Lachitatu ndi mphamvu. Bartolomeo Cristofori atapanga chida ichi ku Florence cha m'ma 1700, chachilendo chake chinali chakuti chimalira motsitsa kapena mokweza malinga ndi mmene chala chagundira. Kwa woyimba umenewu ndi mwayi. Kwa wojambula ndi mutu, chifukwa nyimbo imodzimodziyo imachoka pa kunong'ona kufika pa kubangula mosachenjeza.

Ndiye maikolofoni yoyenera ndi iti?

Mtundu umene akatswiri ambiri amayamba kuugwira ndi condenser. Kachikopa kake ka m'kati n'kopepuka kwambiri, motero kamatha kutsatira kugunda kwadzidzidzi kwa kanyundo pa nsambo, komanso kamamva mawu akamazilala pang'onopang'ono. Ma condenser aang'ono, aja ooneka ngati cholembera chonenepa, amakondedwa chifukwa sasintha kwambiri mtundu wa mawu ochokera m'mbali, ndipo pa piyano mawu ambiri amafika chammbali. Neumann KM 184, DPA 4006 ndi a Schoeps ndi ena mwa odziwika m'masitudiyo akuluakulu. Wa thumba lochepa akhoza kuyang'ana Rode NT5, imene imagulitsidwanso ziwiriziwiri. Ma condenser aakulu, monga AKG C414 kapena Neumann U 87, amanenepetsa mawu pang'ono, zimene oyimba jazz ndi nyimbo zauzimu ambiri amazikonda.

Ma condenser amafuna magetsi a 48 V odzera m'chingwe chomwecho cha maikolofoni. Pa mikisa kapena pa kabokosi kolumikizira ku kompyuta, kaja ambiri amakatcha sound card, pamakhala batani lolembedwa 48V. Mukapanda kulitobwanya maikolofoni imangokhala zii.

Palinso ribbon, monga Coles 4038 kapena Royer R-121. Imeneyi imafewetsa mawu okwera, ndiye imathandiza pa piyano yolira mobaya m'makutu. Ndi yodula, siichedwa kuwonongeka, ndipo zina zakale magetsi a 48 V aja akhoza kuziwononga ngati chingwe chili cholakwika.

Koma funso limene ndimaliona lofunika kuposa dzina la kampani ndi lakuti maikolofoniyo imamva mbali ziti. Ya cardioid imamva kwambiri kutsogolo n'kukana zakumbuyo. Ya omni imamva mbali zonse. Omni imagwira mawu otsikitsitsa mokhulupirika, ndipo ngakhale muiyandikitse bwanji siwonjezera besi yabodza. Cardioid ikayandikira kwambiri imatupitsa besi, n'chifukwa chake ena amadabwa kumva dzanja lamanzere likuphimba nyimbo yonse. Komatu omni siisankha: imatenga piyano, chipinda, galimoto yodutsa panja ndi mwana wolira kuseri. Chipinda chikakhala chokoma ndi chachete, omni. Chikakhala chokayikitsa, cardioid.

Ndili ndi Shure SM58 basi, ija ya woyimba patsogolo. Ndisiye?

Ayi, jambulani. Maikolofoni ya dynamic monga SM58 kapena SM57 inapangidwira ntchito ina. Imadula mawu otsikitsitsa ndi okwereratu, ndipo imachedwa pang'ono kumva kugunda kwa kanyundo. Pa piyano yoyimba yokha kuperewerako kumamveka. Koma ngati piyano ikulowa m'nyimbo yokhala ndi ng'oma, gitala ya besi ndi kwaya, mawu a pakati ndi amene amafunika, ndipo amenewo SM57 imawagwira bwinobwino.

Imodzi ikwana, kapena pafunika ziwiri?

Imodzi imakwana, makamaka ngati piyano si mwini nyimbo. Ziwiri zimapatsa womvera malo: mawu otsika kumanzere, okwera kumanja, chipinda chikumveka kukula kwake. Njira zoikira ziwirizi zili ndi mayina, ndipo ndi bwino kuwadziwa chifukwa miyeso yake anaiyesa kale anthu ena.

Yosavuta kwambiri ndi XY. Mitu ya ma cardioid awiri imakhala pamodzi, wina pamwamba pa mnzake, yopingasana pa madigiri 90. Popeza mawu amafika pa yonse iwiri nthawi imodzi, sizilimbana. Marekoda a m'manja monga Zoom H4n amabwera ndi maikolofoni zoikidwa kale motere. Kuipa kwake n'kwakuti chithunzi cha mawu chimakhala chopapatiza.

Ya ORTF inatchedwa dzina la bungwe loulutsa mawu la ku France limene linaikonza. Ma cardioid awiri amatalikirana masentimita 17, n'kuyang'ana kunja pa madigiri 110. Mtundawo ndi wofanana pang'ono ndi wa pakati pa makutu a munthu, ndipo zotsatira zake zimamveka zachibadwa. Munthu amene akungoyamba ndingamulangize imeneyi.

Yachitatu ndi AB: maikolofoni ziwiri, kawirikawiri za omni, zotalikirana masentimita 40 mpaka 60, zoyang'ana kumodzi. Imapereka mawu otambasuka ndi besi yokhuta. Ikatalikitsidwa mopitirira, pakati pamatsala dzenje, piyano n'kumamveka ngati yagawika pawiri. Palinso ya Alan Blumlein, katswiri wa ku EMI amene analembetsa luso la stereo mu 1931. Imafuna maikolofoni ziwiri zomva kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo imakoma m'holo yabwino yokha.

Pa piyano yogona, ija amaitcha grand, ndiyambire pati?

Musanagwire sitandi, yambani ndi khutu. Woyimba aziyimba nyimbo imene ijambulidwe, osati kungoyendetsa zala. Inu tsekani khutu limodzi ndi chala, chifukwa maikolofoni ilibe makutu awiri osefera phokoso monga ife, ndipo yendani mozungulira piyano. Weramani, nyanyamphirani, bwererani m'mbuyo, yandikirani. Mudzapeza malo ena pamene besi ikugubuduka, ena pamene mawu akuuma, ndi ena pamene zonse zagwirizana. Pamenepo ndiye poyambira. Ntchito imeneyi imatenga mphindi zochepa, koma ambiri amaidumpha chifukwa imaoneka ngati yachibwana.

Malo odziwika alipo atatu, ndipo amasiyana makamaka pa mtunda.

Oyamba ndi m'kati, chivundikiro chitatsegulidwa. Maikolofoni ina imakhala pamwamba pa nsambo za mawu okwera, masentimita 20 mpaka 30 kuchoka pa nsambozo, kumbuyo pang'ono kwa mzere wa tinyundo. Inayo imakhala pamwamba pa nsambo zonenepa zokulungidwa ndi kopa, chakumchira kumene nsambozo zimathera. Apa mumapeza mawu akuthwa, oonekera, amene amabowola pakati pa ng'oma ndi magitala. Mukayandikira tinyundo, kugunda kumachuluka. Mukasunthira kumchira, mawu amafewa. Choopsa chake n'chakuti makiyi amene ali pansi penipeni pa maikolofoni amalira mopambana anzake. Woyimba akwere makiyi onse kuchokera pansi mpaka pamwamba inu mukumvera pa mahedifoni. Ngati pena mawu akulumpha, kwezani maikolofoniyo masentimita angapo.

Achiwiri ndi pokhota, pamene thupi la piyano limalowa m'kati kumbali yotseguka. Maikolofoni ziwiri za ORTF kapena AB zimaima kunja pang'ono kwa mkombero, theka la mita kapena mita imodzi, pa msinkhu wa pakati pa nsambo ndi chivundikiro, zikuyang'ana m'kati. Apa pamakumana mawu ochokera ku thabwa ndi obwezedwa ndi chivundikiro. Ngati nthawi ili yochepa ndipo simukudziwa poyambira, yambirani apa.

Achitatu ndi patali, mamita awiri kapena atatu, maikolofoni zili m'mwamba kuposa mutu wa munthu woimirira. Umu ndi mmene nyimbo za Chopin kapena Beethoven zimajambulidwira nthawi zambiri, chifukwa womvera amafuna kumva piyano ili m'holo, osati mutu wake uli m'kati mwa piyano. Akatswiri a kampani ya Decca ku Britain anatchuka ndi njira ina: ma omni awiri kumchira kwenikweni, akuyang'ana motsata nsambo kulowera kwa woyimba. Ikumveka yachilendo, paja omvera sakhala kumeneko, koma imapereka mawu omveka bwino opanda kugogoda kochuluka.

Pa zonsezi, chimene chimasintha mawu kwambiri ndi mtunda. Kusuntha sitandi ndi chikhatho chimodzi kumatha kusintha zambiri kuposa kusinthanitsa maikolofoni yotchipa ndi yodula. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, jambulani kachigawo kakafupi, nenani pa maikolofoni pomwepo pamene mwaiika, kenaka mumvetsere zonse motsatizana.

Chivundikiro chikhale chotsegula?

Ngati piyano ikujambulidwa yokha, inde, pa ndodo yaitali yochirikizira chivundikirocho. Chivundikiro chimaponyera mawu okwera kumbali yotseguka, ndipo chikatsekedwa piyano imamveka ngati ikulirira m'bokosi. Ngati m'chipinda momwemo muli ng'oma, tsitsirani pa ndodo yaifupi, lowetsani maikolofoni m'kati, ndipo funditsani mpatawo bulangete lochindikala losakhudza nsambo. Mawu amataya kukoma pang'ono, koma ng'oma sizilowerera. Masitudiyo ena amachotseratu chivundikirocho n'kupachika maikolofoni pamwamba.

Nanga piyano yoimirira, imene imapezeka m'matchalitchi ndi m'masukulu ambiri?

Imeneyi thabwa lake lili chilili kumbuyo, ndipo pafupifupi paliponse imakankhiridwa kukhoma. Ndiye kuti mbali imene imalira kwambiri ikulirira njerwa. Choyamba ichotseni kukhoma, mita imodzi kapena kupitirira, ndipo ngati n'kotheka muipendeketse kuti isayang'anizane ndi khomalo mwachindunji.

Mukatero muli ndi zosankha. Kumbuyo, maikolofoni ziwiri masentimita 20 mpaka 30 kuchoka pa thabwa, ina kumbali ya besi ina kumbali yokwera, zimapereka mawu onenepa opanda phokoso la makiyi. Pamwamba, mutatsegula kachivundikiro, mawu amawala koma amabwera ndi kugogoda. Njira imene ine ndimaikonda ndi kuchotsa thabwa lakutsogolo, lija lili pamaso pa woyimba. Pa mapiyano ambiri, monga Yamaha U1, limangomasuka ndi timaloko tiwiri. Nsambo ndi tinyundo zimaonekera, ndipo maikolofoni zikaima kuseri kwa mapewa a woyimba zimamva zimene iyeyo akumva. Thabwa lam'munsi, lapafupi ndi mawondo, limachokanso, koma kumeneko kuli mapedulo ndi phokoso lake.

Piyano yoimirira musaikakamize kumveka ngati ya pakonsati. Mu 1974 ku Cape Town, Abdullah Ibrahim, amene panthawiyo ankadziwika kuti Dollar Brand, anajambula Mannenberg pa piyano yoimirira imene tinyundo take tinali tokhomedwa timisomali. Kulira kwachitsulo kumeneko, kokumbutsa nyimbo za marabi za m'makomboni, ndi kumene anthu amakuzindikira nyimboyo ikangoyamba.

Ndajambula ndi maikolofoni ziwiri. Pa mahedifoni zikukoma, koma pa foni mawu akumveka ophwa. Chachitika n'chiyani?

Maikolofoni zanu zikulimbana. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, ndiye ngati nsambo ili pafupi ndi maikolofoni ina kuposa inzake ndi masentimita 34, mawuwo amafika pa yachiwiriyo mochedwa ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Pa mahedifoni khutu lililonse limalandira zake, palibe vuto. Koma sipika imodzi, monga ya mafoni ambiri ndi mawailesi aang'ono, imaphatikiza mbali ziwirizo, ndipo mawu ena amafafanizana. Pa kuchedwa kumene tatchulaku, oyamba kuzimiririka ndi a pafupi ndi 500 Hz, m'katikati mwenimweni mwa piyano.

Popeza nyimbo zambiri kwathu kuno zimamvedwa pa foni ndi pa wailesi, ili si vuto lolinyozera. Musanayambe kujambula zenizeni, phatikizani mbali ziwirizo zikhale mono ndipo mumvetsere. Ngati mawu aphwa, sunthani maikolofoni imodzi pang'onopang'ono mpaka adzaze, kapena yandikitsani mitu yake pamodzi monga mwa XY. Pa maikolofoni zoyandikira nsambo pali lamulo lothandiza la 3 kwa 1: mtunda wa pakati pa ziwirizo ukhale katatu mtunda wa iliyonse kuchoka pa nsambo. Zikakhala masentimita 25 pamwamba pa nsambo, zitalikirane masentimita 75. Lamuloli silikhudza XY ndi ORTF.

Tchalitchi chathu n'chofolera malata, pansi simenti, makoma osalala. Tingajambuliremo?

Mungathe, koma muyandikire piyano ndipo mugwiritse ntchito cardioid. Imani pakati, ombani m'manja kamodzi mumvetsere. Ngati mawu akuzilala mosalala, chipindacho chikuthandizani. Ngati akubwerera mothothoka pakati pa makoma awiri oyang'anizana, chepetsani: mabulangete pa mabenchi oimika, matiresi pakhoma lapafupi, kapeti kapena mphasa pansi pa masitandi.

Nthawi nayo muisankhe. Mvula pa malata palibe kompyuta imene ingaichotse bwino, ndipo masana a mu Okutobala malata amathetheka okha ndi dzuwa. M'mamawa kapena usiku ndi bwino. Zimitsani mafani ndi firiji ngati ili pafupi, jenereta ikhale kutali momwe chingwe chingalolere. Mukamva kulira kosalekeza kwapansipansi, kawirikawiri ndi magetsi a 50 Hz akulowa m'zingwe. Gwiritsani ntchito zingwe za XLR, zisayende limodzi ndi zamagetsi, ndipo yesani kuchotsa laputopu ku chaja.

Pedulo ikugunda, mpando ukulira, woyimba akung'ung'udza. Nditani?

Mpando sinthani, kapena mangani zomasuka. Kugunda kwa pedulo kumadutsa pansi n'kukwera sitandi, ndiye ikani sitandi pa kapeti kapena kachidutswa ka siponji, ndipo maikolofoni ikhale m'chogwirira cha malastiki. Kaphokoso konga mpweya kamene kamamveka pedulo ikapondedwa ndi timapilo tikunyamuka pa nsambo zonse nthawi imodzi. Kamachepa mukatalikitsa maikolofoni.

Za kung'ung'udza, muuzeni mwaulemu, koma musayembekezere zambiri. Glenn Gould wa ku Canada anajambula Goldberg Variations za Bach mu 1955 ndi mu 1981, ndipo akatswiri a kampani ya Columbia analephera kumuletsa. Mawu ake akumveka kuseri kwa piyano mpaka lero. Chimene mungachite ndi kuloza msana wa cardioid kumene kuli nkhope yake.

Piyano yathu ndi yokalamba. Maikolofoni yabwino ingabise zimenezo?

Siingabise. Imaziulula. Ngati pali ndalama zokwanira chinthu chimodzi chokha, kubwereka maikolofoni yodula kapena kuitana wotchuna piyano, itanani wotchuna. Makiyi ambiri ali ndi nsambo zitatu, ndipo imodzi ikatsika pang'ono kiyiyo imalira mogwedera, zimene sizikonzeka pambuyo pake. Kuno piyano imasuntha kwambiri posintha nyengo, chifukwa thabwa lija limatupa ndi chinyezi cha dzinja n'kuuma m'chilimwe. Itchunidwe pa tsiku lojambula kapena dzulo lake, ili kale pamalo pamene ijambulidwire.

Zikakanika, woyimba ndi amene angapulumutse zinthu. Pa 24 Januwale 1975 ku Köln, Keith Jarrett anapeza kuti amuikira piyano ya Bösendorfer yaing'ono yolakwika, ya besi yofooka ndi mawu okwera opyapyala. Anthu otchuna analimbana nayo, iye n'kuyimba makamaka makiyi a pakati, dzanja lamanzere likubwerezabwereza mwamphamvu kuti likwirire kusowa kwa besi. Martin Wieland anajambulira kampani ya ECM ndi maikolofoni ziwiri za Neumann U 67, ndipo The Köln Concert inakhala chimbale cha piyano yokha chogulidwa kwambiri. Maikolofonizo zinali zapamwamba, koma zofooka za piyanoyo zikumvekabe m'chimbalemo.

Voliyumu yojambulira ikhale potani?

Woyimba agunde chigawo champhamvu kwambiri cha nyimboyo, inu mutchere kuti mita yoonetsa voliyumu isapitirire pa -12 dB. Pojambula zenizeni amagunda mwamphamvu kuposa poyeserera, ndipo mpata umenewo ndi umene ungakupulumutseni. Jambulani pa 24 bit. Batani lodula besi limene lili pa maikolofoni ndi mikisa zambiri, kawirikawiri pa 80 Hz, lisiyeni lozima ngati piyano ikuyimba yokha: makiyi 19 otsikitsitsa ali pansi pa malire amenewo.

Ife tili ndi kiyibodi, osati piyano ya nsambo. Zonsezi zikutikhudza?

Ayi. Kiyibodi musaiikire maikolofoni pa sipika. Tulutsani zingwe ziwiri kumbuyo kwake, L ndi R, zilowe m'makina ojambulira. Ngati chingwe chikuyenda mtunda wautali kapena chikubweretsa kulira kwa magetsi, chidutse mu DI box.

Ndili ndi foni yokha.

Musaigoneke pa piyano, chifukwa imatenga kunjenjemera kwa matabwa ndi kugogoda kwa makiyi. Iikeni pa sitandi kapena pa mpando wautali, mita imodzi ndi theka kuchoka pa piyano, kumbali yotseguka, kabowo ka maikolofoni kakuyang'ana chidacho. Mafoni ambiri amakweza ndi kutsitsa voliyumu okha, ndipo ena amayesa mawu otalika a piyano ngati phokoso loyenera kuchotsedwa. Pezani pulogalamu yolola kuzimitsa zimenezi, sankhani WAV, zimitsani netiweki kuti wina asakuimbireni pakati pa nyimbo. Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati dokyumenti kuti mawu asafinyidwe.